Malonje Anga Anathamangitsa ba Chanda

Senderani kuno, azimayi anzanga. Inu a kumbuyoko kokerani benchi pafupi, mawu anga si a wailesi oti mungawakweze. Wa mwana wolira amupatse bere, wa tulo atsamire mnzake, koma khutu lokha andibwereke. Ndamva kuti sabata yamawa kubwera munthu wa ku Lusaka kudzaona uchi wa kalabu yanu ya kuno ku Mpanshya, ndipo mwasankha kale wokuyankhulirani. Musanamutume, imvani zimene zinandigwera ine Esinati, mkazi wa malemu a Zulu, wa ku Chinyunyu kuja kotuluka madzi otentha. Ine ndinayankhulapo pamaso pa wogula, ndipo kuyankhula kwangako kunakandigoneka m'ngalande.

Pakamwa Mulungu anandipatsa mosaumira. Chichokere kwathu ku Katete, paukwati wolangiza ndinali ine. Mbuzi ikadya chimanga cha munthu, mwini mbuzi ndi mwini chimanga onse ankathamangira kwa ine kuti ndikawanenere, ndipo wofika mochedwa ankabwerera akudziwa kuti mlandu wamugwera. Ndinkadzimva. Ndinkati palibe khutu padziko limene lingandikane.

Ndiye kunabwera zaka zija boma linasiya kutigula chimanga. Tinali titazolowera kuti ukakolola umangopita nacho kudepoti, manje akuti aliyense adzifunire msika. Mlangizi wathu wa zaulimi, ba Tembo, anatisonkhanitsa azimayi, tinapanga kalabu, iwo natibwereka makina ofinyira mpendadzuwa. Makina ake ndi achitsulo, a mkono wautali, omangidwa pachipika ndi mabawuti. Umathira njere pamwamba, n'kukoka mkonowo ndi thupi lonse, saladi, mafuta ophikira aja, n'kumadontha pansi pang'onopang'ono. Ba Tembo anatiuza poyera kuti makinawo ndi obwereka. Kalabu ikalephera kupeza wogula wokhazikika, adzawamasula n'kupita nawo kumudzi wina, chifukwa owafuna ndi ambiri.

Saladi tinafinya, yoyera, yonunkhira. Koma m'mudzi munthu amagula kasupuni kamodzi kothira m'ndiwo za chibwabwa, basi. Kasupuni sikangasunge makina.

Panali munthu wina, ba Chanda, Mbemba wa mimba yake, amene anali ndi shopu ku Chongwe ndi lesitilanti pa Rufunsa, pamene pamaima mabasi a ku Chipata. Lachisanu lililonse ankaima pa Chinyunyu kupakira malasha m'lole yake. Ba Tembo anawapempha kuti atimvere, iwo anavomera kuti pamene matumba akukwezedwa akhala nafe pansi pa mkuyu. Tcheyamani wathu, ba Malita, Msoli wa mawu ochepa, anati woyankhula akhala Esinati. Palibe anatsutsa, ndipo inenso sindinadzitsutse.

M'mawa wa tsikulo kamantha kanandigwira, pakuti ndinali ndisanayankhulepo ndi munthu wovala wotchi. Ndinadzera kwa Amake Boyi, wotcheza kachasu, ndinamwa kakapu kamodzi koti lilime lifewe. Linafewadi, anzanga.

Ba Chanda anakhala pampando, nati: "Ee amayi, muli ndi nkhani yanji?"

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu akakufunsa choncho, sulumphira chimene wadzera ngati wakuba. Umayamba ndi malonje. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinalonjera ba Chanda, ba Tembo, ba Malita, mpaka dalaivala amene anali patali akusuta. Kenako ndinayamba. Ndinawauza kuti tadzuka bwino, kupatula ba Malita amene mwendo unawatupa chichokere Pasaka. Ndinawauza za mvula imene inadula msanga. Ndinawauza za ng'ombe ya a Lungu imene inagwera m'chitsime, ndi mmene amuna anavutikira ndi zingwe. Maliro awiri ndinawafotokoza, ndi matenda ake, ndi amene anabwera, ndi amene sanabwere. Nditatha za chaka chimenecho ndinaona kuti mlendo sangamvetse bwino ngati sadziwa kumene tinachokera, ndiye ndinabwerera ku Katete n'kukwera lole ya thonje imene inatibweretsa. Ndipo pamawu alionse ndinkaima, kudikira kuti avomere, monga mwa mwambo.

Poyamba ankavomera. Kenako ankangogwedeza mutu. Kenako anayamba kuyang'anayang'ana padzanja, ine n'kumati mwina pakuwayabwa. Ba Malita ankandibaya ndi chala kumsana, ine n'kumati akundilimbikitsa, ndiye ndinkawonjezera moto.

Ndinali nditangofika pa chaka cha chilala, mpendadzuwa ndisanautchule n'komwe, dalaivala analiza hutala. Ba Chanda anaimirira, anasasa fumbi pathalauzi, nati: "Zikomo amayi. Pepani za ng'ombe ija."

Lole inapita. Botolo la saladi limene ndinabwera nalo linali likadali m'chitenje, pamiyendo panga. Munthu uja anapita osadziwa kuti tikugulitsa chiyani.

Zotsatira ndizinena msanga, pakuti zinachitikanso msanga. Dzina langa linasanduka Amalonje. Ndikafika kochapa, kumtsinje wa madzi ofunda, wina ankati terekani nyemba, zipsa asanamalize moni. Ndinkaseka nawo, koma mkati munkapsa. Munthu amene wadzitama ndi miyendo akagwa amadzuka, koma ine ndinagwa ndi chomwe ndinkadzitamira. Malo amodzi okha ankandimverabe mpaka kumapeto, kwa Amake Boyi, bola ngati wagulira omverawo. Ndiye ndinkapita kumeneko. Kakapu kanasanduka botolo. Nkhuku zanga zinatha imodziimodzi. Chitenje cha chigwirizano cha azimayi ndinachipinda n'kuchiika pansi pa sutukesi, kutchalitchi ndinasiya. Tsiku lina ndinagona m'ngalande ya mumsewu waukulu dzuwa lili pamutu, ndipo chinandidzutsa ndi mbuzi imene inkandidya duku. Sekani, inenso lero ndimaseka.

Koma ichi musaseke. Mabotolo a kalabu ankasungidwa m'kanyumba kwa ba Malita, ndipo ine ndinali ndi kiyi. Ndinatengamo awiri n'kukasinthanitsa ndi kachasu. Saladi imene anzanga anakokera mkono wa makina mpaka mapewa kuwawa, ine ndinaimwa. Ba Malita atadziwa sanakuwe. Anabwera kunyumba, anakhala pakhonde, anatambasula dzanja, nati: "Esinati, kiyi. Pumula." Ndikanakonda akanandimenya.

Chaka chinazungulira. Wogula sanapezeke, pakuti anzanga onse ankaopa kuyankhula ataona zimene zinandigwera ine wodziwa. Ba Tembo anati sangathenso kutibisira kwa akuluakulu awo, pakutha kwa Ogasiti adzabwera ndi zipanala. Ine munda wa mpendadzuwa chaka chimenecho ndinalima theka, masiku amene mutu unali wanga. Ndinakolola n'kuunjika milu itatu m'munda momwemo kuti iume, kenako n'kuiwala.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene ndinakhotera.

Woyandikana nane nyumba ndi Amake Dalitso. Amene mukuwadziwa mundichitira umboni. Mayi ameneyu ulemu unamupitirira. Akakumana nawe panjira amatula mtolo wa nkhuni, amagwada, amafunsa za ana mmodzimmodzi ndi maina awo. Mukasiyana n'kukumananso pachitsime, amayambiranso. Anthu ankati nkhuku zake zimalowa m'khola zitalonjeredwa. Pazaka zonse zimene takhala moyandikana anali asananditchulepo dzina, ankangoti amama.

Linali tsiku la mphepo m'mwezi wa Julaye, masana. Ndinali kwa Amake Boyi pansi pa mango, kapu ili m'manja, ndikufotokozera zidakwa zitatu za lole ya thonje. Ndinaona munthu akubwera akuthamanga, duku lili m'manja, fumbi kumbuyo. Anali Amake Dalitso. Sanagwade. Sanaombe m'manja. Sanaone n'komwe amuna amene anali pamenepo. Anaima pamaso panga, nati:

"Esinati, moto uli m'munda mwako."

Anzanga, kachasu yense amene anali m'mutu sindikudziwa kumene anatulukira. Kapu sindikumbuka kumene ndinaiponya. Ndinathamanga ine nkhalamba, kudumpha mizere, kusiya patapata mmodzi panjira. Osaka mbewa anali atatentha tchire, mphepo n'kuutembenuza moto. Tinathyola nthambi zaziwisi, tinamenya, tinamenya, utsi m'maso, minga m'mapazi. Mulu umodzi unapsa tikuona, ukuthetheka mafuta. Iwiri tinailanditsa.

Titamaliza tinakhala pansi paphulusa, tikupuma ngati agalu, nkhope zakuda bii, maso okha akuyera. Mwadzidzidzi ndinaona Amake Dalitso agwira pakamwa. Anadzuka, anakonza chitenje, anagwada paphulusa lotenthalo, anaomba m'manja, nati:

"Pepani amama, sindinakupatseni moni. Mwaswera bwanji?"

Ndinati: "Ndaswera bwino, kaya inu."

Tinayang'anana. Tinaseka mpaka misozi inalemba mizere m'mwaye wa kumaso. Ndinali ndisanasekepo choncho chaka chathunthu.

Iwo atapita kukatunga madzi, ine ndinatsala ndekha pakati pa milu iwiri ija. Ndinayamba kudzifunsa. Mayi uyu sanandilonjere, wanditchula dzina ngati mwana, koma sindinakwiye, ndipo sindinamverepo munthu ndi thupi lonse ngati lero. Chifukwa chiyani? Chifukwa ananena za munda wanga. Akanayamba ndi mmene wadzukira, ndi chifuwa cha Dalitso, bwenzi ine ndikumwabe, milu yonse itatu itasanduka phulusa. Nanga ine kwa ba Chanda ndinanena chiyani? Ng'ombe ya a Lungu. Mwendo wa ba Malita. Katete wanga. Zonsezo zinali zathu. Munthu uja anali ndi munda wake penapake umene unkapsa, ndipo ine sindinaudziwe, sindinaufunse n'komwe. Chaka chonse ndinkati anandinyoza. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndine ndinamukhazika pampando n'kumuiwala.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinasintha njira. Yopita kumsewu imadzera pakhomo pa Amake Boyi, ndiye ndinayamba kuzungulira kutchalitchi, ngakhale ndi kutali. Sabata yoyamba manja ankanjenjemera moti madzi ankatayika m'kapu. Amake Dalitso ankandiphikira munkoyo, chakumwa chosaledzeretsa chija, n'kundikhazika pamphasa kupuntha mpendadzuwa, kuti manjawo anjenjemerere pantchito. Ndisakunamizeni, ndinagwanso kamodzi, paukwati wa mwana wa mlongo wanga. M'mawa mwake ndinadzuka, ndinasamba, ndinayambiranso. Abambo atabwera kudzachita Misa kwathu ndinakalapa, chitenje chija ndinachitulutsa m'sutukesi chikununkha chinyezi.

Kenako ndinapita kwa ba Malita kukapempha kuti ndifinye njere zanga. Anangondilozera makina ndi mlomo. Mabotolo awiri oyamba ndinawaika pakati pa azimayi onse pamiting'i, ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndinaba, ndabweza. Wina anati mawu anga lero afupika. Ba Malita anati bola afupike choncho. Ndiye ndinapempha chinthu chovuta, kuti andilole ndiyankhulenso ndi ba Chanda. Ena anati kapena tingowathandiza ba Tembo kumasula makinawo lero lomwe. Ba Malita anafunsa ngati pali wina wofuna kuyankhula m'malo mwanga. Onse anayang'ana zala za kumapazi.

Ndinagulitsa dengu la mbatata, ndinakwera minibasi kupita pa Rufunsa. Sindinapite kukagulitsa kanthu, ndinapita kukaona. Ndinakhala pakhonde la shopu ina moyang'anana ndi lesitilanti ya ba Chanda, ndi chimanga chodzaza dzanja. Pensulo ine sindiidziwa. Basi ikaima kwa ba Chanda ndinkaika njere kudzanja lamanja, ikaima kutsidya, kwa mayi wina wophikanso, ndinkaika kumanzere. Dzuwa likupendeka, kumanzere kunali njere zinayi, kumanja imodzi. Ndipo imodziyo inaima chifukwa tayala linaphulika pakhomo pomwepo.

Ndinazungulira kuseri, ndinapeza wophika, bana Mwila, mlamu wawo wa ba Chanda, akukwecha mapoto. Sindinafunse kanthu, ndinangotenga mchenga n'kuyamba kukwecha nawo. Munthu ukamuthandiza poto, pakamwa pake pamatseguka pokha. Anandiuza kuti saladi imachokera ku Lusaka, imabwera tsiku limene ba Chanda aikumbukira, ndipo mtengo ukukwera mwezi ndi mwezi. Ndiye lamulo lake n'lakuti yomwe ili m'chiwaya isatayidwe, azingowonjezera pamwamba. Anandionetsa chiwayacho. Anzanga, munali ngati oilo wa thirakitala. Anati madalaivala amadandaula chilungulira, ndipo pamsewu uno wosankha poima basi si wokwera ayi, ndi mimba ya dalaivala. Anati mlamu wawo akamuuza samva, amati ndi ufiti wa mayi wa kutsidya. Ndinapempha pang'ono pa saladi yakudayo, anandithirira m'kabotolo ka mankhwala.

Nditabwerera tinayamba kuyeserera. Wotchi tinalibe, ndiye Amake Dalitso ankaponya chitumbuwa m'chiwaya, ine n'kuyamba kuyankhula. Pangano linali loti chisanapse mbali imodzi ndikhale nditanena chachikulu. Masiku oyamba vitumbuwa vinapserera, ine ndikadali pamvula. Ndikangoti "paja chaka chija", ba Malita ankagogoda poto ndi mthiko. Zinandiwawa kutaya mawu anga okoma, ngati kuzulira chimanga chimene wadzala wekha. Koma ukapanda kuzulira, chonse chimakhala chowonda.

Chinatsala ndi moni. Ba Malita anati sangalole kuti ndiimirire pamaso pa mlendo osamulonjera, mudzi ungachite manyazi, anthu angati kalabu ya Chinyunyu ndi ya anthu osaleredwa. Ananena zoona. Tinakangana masiku awiri. Amene anamasula mfundoyi ndi Amake Dalitso, mwini moni. Anati mlendo timulonjere kumsewu akungotsika, onse, mogwada, mpaka atope. Akafika pansi pa mtengo, moni watha kale, palibe anganene kuti tamumana.

Lachisanu lomaliza la Ogasiti ba Tembo anafika m'mawa ndi galimoto ya kuofesi ndi chikwama cha zipanala. Anali ndi chisoni, koma anati atumidwa. Ba Malita anawapempha kuti adikire mpaka lole ya malasha inyamuke. Anakhala pachipika cha makina, chikwama chili pakati pa miyendo.

Lole itaima tinaithamangira tonse. Tinagwada m'fumbi, tinaomba m'manja, tinafunsa za kunyumba. Ba Chanda atandiona anagwira mutu. Paja ife a kum'mawa ndi Abemba ndi chimbuya, timanyozana osakwiya.

Anati: "Mayo ine, wamalonje uja. Mbuya, ng'ombe ija inatuluka m'chitsime?"

Ndinati: "Inatuluka mbuya, tinaidya. Inu tikanakusiyirani, koma mumakonda anyani."

Anaseka, koma mpando anaukana. Anati lero amvera choimirira, ndipo hutala ikalira sadikira amen. Anaima pansi pa mkuyu atapinda manja pamimba. Kuseri kwa mtengo Amake Dalitso anali ndi mbaula ndi ziwaya ziwiri. M'mimba mwanga munalibe kanthu koma munkoyo. Ndinaimirira, ndinawayang'ana m'maso, ndinati:

"Ba Chanda, Lachiwiri la sabata yathayi pa Rufunsa panaima mabasi asanu. Anayi anaima kutsidya. Kwa inu inaima imodzi, ya tayala lophulika."

Dalaivala, amene anabwera pafupi kudzaonerera, anatembenukira kumbali mapewa akugwedera. Ba Chanda anamasula manja. Anayang'ana mpando uja anaukana, anaukoka, anakhala.

Anati: "Wakuuzani ndani?"

Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinawaonetsa njere zinayi ndi imodzi. Ndinati ndinakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo ndikudziwa chimene chikuthamangitsa madalaivala. Ndinakodola Amake Dalitso, anabwera ndi mbale ya vitumbuwa viwiri. Ndinawapatsa choyamba. Analuma, nkhope inakwinyika, analavulira kumbali, nati ngati saladi yathu ndi imeneyi bola tizithira m'nyale.

Ndinati: "Imeneyo ndi yanu, mbuya. Yachokera m'chiwaya chanu. Yathu ndi iyi."

Chachiwiri anachidya chonse, n'kusuzumira m'mbale ngati mwatsala china. Apo ndipo ndinatulutsa botolo n'kuwaika m'manja. Analikweza kudzuwa, analitsegula, ananunkhiza, anathira dontho pachala. Ndinawonjezera mawu ochepa okha, kuti saladi iyi imafinyidwa pano, panjira yawo ya Lachisanu lililonse, sidikira lole ya ku Lusaka. Kenako ndinachita chinthu chovuta kuposa kusiya kachasu. Ndinatseka pakamwa.

Mafunso anayamba kutuluka mwa iwo. Tingafinye zigubu zingati pasabata? Nanga nthawi ya dzinja njere zikatha? Kodi ikakhalitsa simanunkha? Amenewo anayankha ndi ba Malita, pakuti ndi amene ankadziwa za njere ndi nkhokwe, ndipo mawu awo ochepa aja tsiku limenelo anagwira ntchito. Lilime langa linkayabwa kuti ndifotokoze mmene agogo anga ankasinjira nsatsi, koma ndinaliluma. Matumba atatha kukwezedwa dalaivala anakaliza hutala. Ba Chanda osatembenuka n'komwe anakweza dzanja, hutala inaleka.

Anatenga chigubu chimodzi choyesera, nati zikayenda bwino Lachisanu lotsatira tikonze ziwiri, ndipo azitenga sabata iliyonse. Pokwera lole anandiloza chala, nati odya mbewa ndi oopsa, amakuwerengera mabasi uli m'tulo. Titacheuka tinaona ba Tembo akutseka zipi ya chikwama chawo. Anati galimoto ya kuofesi ibwerera yopanda katundu, ndipo akawauza akuluakulu kuti makina ali pantchito. Ba Malita, mayi amene sindinamuonepo akuvina, anavina ndi mwendo wotupawo.

Ndiye inu a uchi, amene mwamusankha kuti akuyankhulireni musamutume ndi pakamwa pokha. Wina apite akaone kumene munthuyo amagulitsira, akakhale pakhonde, akakweche poto ndi wantchito wake, amve chimene chimamusowetsa mtendere. Mwina uchi umene amagula umabwera ndi madzi, mwina umabwera ndi mapiko a njuchi, mwina sufika nthawi yake. Ine sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa mpaka mutapita. Mukachipeza, chimenecho ndicho chiyambe kutuluka. Moni mupereke kumsewu, musamumane, ndife anthu. Uchi ukhale m'manja mwake msanga, usakhale m'chitenje. Ndipo woyankhulayo m'mawa mwake mumugwire padzanja, asadzere kulikonse kokafewetsa lilime. Ngati alipo pano amene wayamba kale kudzera kumeneko, sindimuloza chala. Tikamwazikana anditsatire kuseri kwa tchalitchi, tikambirane awiri.

Mufuna kudziwa za anthu aja. Ba Chanda mabasi onse sanawabweze, mayi wa kutsidya uja amaphikanso bwino, koma manje amagawana, ndipo nkhani ya ufiti inatha. Mimba yawo inawonjezeka. Bana Mwila anakwatiwa ndi dalaivala mmodzi wa mabasi a ku Chipata, amene akuti anayamba ndi kuyamikira vitumbuwa. Ba Tembo anasamutsidwira dera lina, ndipo tinawaperekeza ndi nkhuku ndi botolo la saladi. Ba Malita mwendo anakauonetsa kuchipatala kuno ku Mpanshya, unaphwa, ndipo akadali tcheyamani, pakuti chaka chilichonse akati atule timakana. Amake Boyi anandikwiyira miyezi ingapo chifukwa ndinawachotsera kasitomala wamkulu, koma manje amagula zotsalira za mpendadzuwa kudyetsa nkhumba zawo, ndipo timalonjerana bwino, ine ndili panjira, iwo ali pakhomo. Amake Dalitso ndi awa akhala apa, akubisa nkhope m'chitenje. Lero tachedwa kufika chifukwa analonjera minibasi yonse.

Ine Amalonje dzina linandikakamira, ndipo ndinasiya kulikana. Kachasu chino ndi chaka chachinayi sanadutse pakhosi panga. Makina aja mkono wake unathyoka kawiri, tinakawotcheretsa ku Chongwe, koma pachipika chija sanachokepo. Mawa ndi tsiku langa lokoka, ndiye ndisiyeni ndinyamuke dzuwa likadalipo, ba Chanda Lachisanu akufuna zigubu zitatu.